Kusankha Fani ya Chipinda Cholimamo Bowa ndi Mbande

Bowa wa oyisitara akasowa mpweya wabwino amadandaula mooneka ndi maso. Matumba akhoza kukhala atagwira bwino, ulusi woyera utamanga mapesi onse mpaka thumba kulimba gwa, pansi pakuthiridwa madzi m'mawa ndi madzulo osaphonya, koma bowa wotulukayo n'kukhala wa miyendo italiitali yowonda, kumutu kuli kachipewa kakang'ono ngati batani la malaya. Wotereyu pamsika anthu amangomudutsa. Mlimi amayamba wakayikira mbewu imene anagula, kenako madzi, kenako matumba. Chimene amachedwa kuchiganizira ndi chitseko chija amachitseka ndithu usiku uliwonse poopa ntchentche ndi makoswe, ndi zenera lija analimata ndi pulasitiki kuti chinyontho chisathawe.

Chomera cha kudimba sichisowa woti achiganizire za mpweya. Mphepo imabwera yokha, kuchotsa wakale n'kusiya watsopano, usana ndi usiku, popanda wolipira. Koma tikachilowetsa m'nyumba, kaya ndi bowa m'kachipinda ka kuseri, mbande za tomato pansi pa mababu, kapena letesi wolimidwa m'mapaipi a madzi, ntchito yonse ya mphepo imagwera mwini chipinda. Izi sizachilendo kwenikweni kwa ife. Womanga chigafa cha fodya wa bale samanga makoma, amasiya mbali zonse zili pululu kuti mphepo idutse m'mikangala. Nkhokwe amaiimika pamiyala kapena pamafoloko kuti pansi pake pazipita mpweya. Amene anakulira m'midzi ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji amadziwanso kuti balani yowotchera fodya imakhala ndi mabowo m'munsi ndi ena pamwamba, ndipo wosadziwa kuwatsegula pa nthawi yake amawononga fodya wa chaka chonse. Fani ndi chipangizo chatsopano, koma funso limene imayankha ndi lomwe lija la kuchigafa: mpweya ulowera kuti, udutsa pati, utulukira kuti?

Zimene ziyenera kutuluka m'chipinda

Mu August 1771, Joseph Priestley wa ku Leeds, ku England, anayatsa kandulo m'chiwiya chagalasi chotseka mpaka inazima yokha. Anaikamo kanthambi ka timbewu tonunkhira totchedwa mint, ndipo patapita masiku khumi kandulo inathanso kuyaka mumpweya womwewo. Mu 1779 dokotala wa ku Netherlands, Jan Ingenhousz, anaonetsa kuti zimenezi zimachitika pokhapokha masamba obiriwira ali powala. Lero mwana wa pulayimale amadziwa kuti tsamba likakhala powala limakoka carbon dioxide n'kutulutsa okosijeni. Chimene ambiri sitichilingalira ndi kuchepa kwa carbon dioxide ameneyu. Mumpweya wa panja masiku ano muli magawo pafupifupi 420 pa miliyoni iliyonse, amene pa zoyezera amalembedwa kuti 420 ppm. Ndiye kuti m'chipinda cha mamita atatu m'litali, awiri ndi theka m'lifupi ndi 2.4 kutalika kwake, carbon dioxide yense sakwana ndi malita 8 omwe, osadzadza n'theka la ndowa. Masamba ambiri pansi pa mababu owala bwino amamutsitsa kwambiri m'maola ochepa, ndipo akatsika kufika cha m'ma 200 ppm, chomera chimakula mochedwa kwambiri, chili ndi madzi, chili ndi fetereza, koma chomangira thupi chikuperewera.

Bowa ndiye zake n'zosiyana. Alibe zobiriwira, sadzipangira chakudya, amapuma ngati ife: amakoka okosijeni n'kutulutsa carbon dioxide. Pa masabata amene ulusi ukufalikira m'thumba, carbon dioxide wochuluka samuvuta, ndiye chifukwa chake matumba amamangidwa kukamwa. Koma nthawi yobereka ikafika, oyisitara amafuna mpweya wa panja weniweni. Alimi ambiri amayesetsa kuti chipinda chisapitirire 1,000 ppm. Kukapitirira, bowa amatalikitsa mwendo ngati kuti akufunafuna potulukira, zomwenso amachita kutchire akamera mkati mwa mphako ya chipika. Choncho m'chipinda cha mbande fani imabweretsa carbon dioxide, pomwe m'chipinda cha bowa imamuchotsa.

Pali zinthu zina ziwiri zoyenera kutuluka: kutentha ndi chinyontho. Pafupifupi magetsi onse amene babu imadya amathera m'chipindamo monga kutentha, ngakhale ikhale ya LED. Malata a padenga nawo amathira moto wawo masana. Chinyontho chimachokera m'masamba: madzi oposa 90 pa 100 aliwonse amene mizu imamwa amatulukanso ngati nthunzi kudzera m'timabowo ta patsamba. Nthunzi imeneyi ikasowa kopita, usiku kukazizira imasanduka mame pamasamba ndi pamakoma. Pamenepo ndi pamene pamayambira nkhungu yotuwa ya Botrytis, ndi kuwola kwa mbande patsinde kumene kumagwetsa nazale yonse m'masiku awiri. Pa bowa, madzi okhalitsa pachipewa amaitana mabakiteriya obweretsa mawanga achikasu ndi abulauni.

Ndisanafike pa masamu, pali kusokonezeka kumodzi kumene ndimakuona kawirikawiri, ndipo kumadyera anthu ndalama. Fani yoimika pansi, yozungulira mutu uku ndi uku, imene timagona nayo mu October, sisintha mpweya wa m'chipinda. Imangoutakasa. Mukaiika m'chipinda chotseka, carbon dioxide amakhala yemweyo, chinyontho chomwecho, ndipo kutentha kumaonjezekera pang'ono chifukwa mota yakenso imatentha. Ife timamva kuzizira chifukwa imaumitsa thukuta pakhungu, basi. Ili ndi ntchito yake yabwino: pa tsamba lililonse pamakhala kampweya kongokhala phee, ndipo kamphepo kakakachotsa tsamba limapuma bwino. Komanso mbande zogwedezeka pang'ono zimakula zazifupi, za tsinde lonenepa, chinthu chimene Mark Jaffe wa ku America anachifufuza n'kuchipatsa dzina mu 1973. Koma fani yoyamba kugula ndi yotulutsa mpweya kunja. Yotakasa ibwere pambuyo, ndipo ikhale yaing'ono, yongogwedeza masamba osati kuwapinda.

Kuwerengera

Pabokosi la fani yotulutsa mpweya pamalembedwa kuchuluka kwa mpweya umene imasuntha, mwina m'makiyubiki mita pa ola, olembedwa m³/h, mwina mu CFM ngati inapangidwira msika wa ku America. CFM imodzi ndi 1.7 m³/h. Fani yolembedwa 100 CFM ndiye kuti ndi ya 170 m³/h. Wogula asasokoneze manambala awiriwa, chifukwa mafani awiri akhoza kulembedwa 100 onse koma ina ikuposa inzake kutali.

Tibwerere ku chipinda chathu chija. Mamita 3 kuchulukitsa ndi 2.5 kuchulukitsa ndi 2.4 zikutipatsa makiyubiki mita 18. Pa bowa wa oyisitara amene akubereka, poyambira pabwino ndi kusintha mpweya wonse kanayi mpaka kasanu ndi katatu pa ola. Tikatenga kasanu ndi kamodzi, 18 kuchulukitsa ndi 6 ndi 108 m³/h. Koma nambala imeneyi ndi poyambira chabe, chifukwa chimene chimapuma si chipinda, ndi matumba. Chipinda chomwecho chikakhala ndi matumba 50 n'chosiyana ndi pamene muli 300 osanjikizana mpaka kudenga. Amene akufuna kudzadzitsa mashelefu onse awerengere kumapeto kwenikweni, kasanu ndi katatu kapena kupitirira.

Pa zomera za pansi pa mababu, kawirikawiri cholamula si kukula kwa chipinda koma kutentha. Pali kawerengedwe kosavuta kochokera pa mfundo yakuti kiyubiki mita imodzi ya mpweya imalemera pafupifupi makilogalamu 1.2 ndipo imanyamula kutentha kochepa kwambiri. Tengani mawatsi a mababu onse, chulukitsani ndi 3, kenako gawani ndi madigiri amene mungalole kuti m'kati mupose panja. Mababu a mawatsi 300, mukufuna kuti m'chipinda musapose panja ndi madigiri atatu: 300 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 3, yankho ndi 300 m³/h. Mukalola madigiri asanu, zikutsika kufika pa 180. Chipinda chimodzimodzi chija, chimene bowa anakhutira ndi 108, mbande zikufuna pafupifupi katatu.

Nambala 3 imeneyi ndi ya kugombe la nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo pang'ono. Mzuzu ndi Dedza zili pamwamba kuposa apo. Mpweya wopepuka umanyamula kutentha kochepa, choncho wa ku Lilongwe aonjezere pa 300 paja ifike cha m'ma 340.

Kawerengedwe kameneka kakutiuzanso chinthu china chimene ndikufuna chimveke: fani singaziziritse chipinda kuposa mpweya wa panja. Ngati ku Chikwawa kapena ku Nsanje panja pafika madigiri 40 mu November, fani yamphamvu bwanji ingolowetsa madigiri 40 omwewo. Kumeneko nzeru ili pa denga ndi pa madzi. Denga la udzu, kapena malata okhala ndi siling'i ya mphasa, limachotsa katundu wamkulu pamsana pa fani. Ziguduli zonyowa zopachikidwa polowera mpweya zimautsitsa ndi madigiri angapo, chifukwa madzi akamauma amatenga kutentha. Njira imeneyi imagwira bwino m'chilimwe, mu September ndi October pamene mpweya uli wouma. Mu January, mvula ili pakati, mpweya umakhala utakhuta kale madzi ndipo chiguduli sichithandiza kwenikweni. Wolima ndi mababu ali ndi njira inanso: kuwayatsa usiku n'kuwazimitsa masana, malinga chipinda chikhale chamdima ndithu pa maola opumula.

Nambala ya pabokosi ndi ya fani yopanda katundu

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Nambala imene opanga amalemba ndi ya fani ili payokha, kutsogolo kulibe kanthu, kumbuyo kulibe kanthu. Mukaimangirira paipi, paipiyo n'kukhota pakona, kumapeto n'kuika gozi wotchinga tizilombo, mpweya wotuluka umachepa, nthawi zina mpaka theka. Zili ngati wa kabaza: liwiro limene amathamanga yekha pamsewu wosalala si limene amakwera nalo chitunda atanyamula munthu ndi thumba la chimanga. Mphamvu yokankha mpweya podutsa zopinga amaiyeza m'mapasikalo, olembedwa Pa, ndipo opanga odalirika amaika pabokosi kapena m'kabuku chithunzi cha mzere wotsetsereka, woonetsa mpweya umene fani ipereke zopinga zikamachuluka. Kumanzere kwa mzerewo fani ikukankha ndi mphamvu zonse koma palibe chikutuluka. Kumanja mpweya ndi wambiri koma palibe chopinga. Chipinda chenicheni chimakhala penapake pakati. Fani imene ilibe chithunzi chimenechi, kapena nambala ya Pa, ine ndimaiyesa ya pabowo la khoma basi, sindiimangirira paipi.

Mafani a mapiko ngati a ndege, amene mpweya umalowa kumbuyo n'kutulukira kutsogolo molunjika, amatchedwa axial. Mwa iwo muli aja a kubafa ndi kukhitchini, ndi timafani ta m'kompyuta. Amasuntha mpweya wambiri ndi magetsi ochepa, koma chopinga chaching'ono chimawafooketsa. Fani ya kubafa ya mamilimita 100 kawirikawiri imapereka pakati pa 80 ndi 100 m³/h. Ikaikidwa pabowo la khoma loloza panja, ikhoza kutumikira kachipinda ka bowa ka matumba ochepa. Ikapatsidwa paipi ya mamita asanu yokhota kawiri, imangolira, mpweya osaoneka.

Mtundu wina ndi centrifugal, wooneka ngati chigoba cha nkhono kapena mphika wofufuma pakati. M'kati mwake muli gudumu la timapiko tambiri limene limaponyera mpweya m'mbali. Amenewa ndiwo akatswiri okankha: paipi yaitali, sefa yothina, sizimawagonjetsa msanga. Amadya magetsi ambiri ndipo amamveka. Pakati pa mitundu iwiriyi pali mafani olumikiza m'kati mwa paipi otchedwa mixed flow, amene pa chipinda chaching'ono nthawi zambiri ndiwo oyenera: a mamilimita 100 amapereka cha m'ma 150 mpaka 200 m³/h, a mamilimita 150 amafika 400 mpaka 600. Pa chipinda chathu cha bowa, cha 108 paja, wa mamilimita 100 akukwana ngakhale titachotsapo za gozi ndi kona imodzi. Pa mbande za 340, pafunika wa 150.

Paipi nayo ndi mbali ya chisankho. Kukamwa kwa paipi ya mamilimita 150 n'kokula kuposa kawiri kwa ya 100, ngakhale kuti poziona sizisiyana kwambiri. Musachepetse paipi kuposa kukamwa kwa fani. Ikhale yaifupi, yowongoka, yosalala m'kati. Paipi ya pulasitiki ya zimbudzi, ya mamilimita 110, imapezeka m'hadiweya iliyonse ndipo imapititsa mpweya bwino kuposa ija yofewa yamakwinya, makamaka yamakwinyayo ikasiyidwa yolendewera. Kona iliyonse yakuthwa imadya mpweya ngati mamita angapo a paipi yowongoka.

Tsopano za polowera, zimene anthu amaziiwala kwambiri. Fani sipanga mpweya. Imatulutsa wokhawo umene walowa. Yesani kukoka mpweya m'botolo lopanda bowo, muona kuti masaya atopa popanda chotuluka. M'chipinda chomata bwino, fani imalira mokwera, chitseko chimalimba potsegula, pulasitiki wa pazenera amafufumira m'kati, ndipo mpweya wochepa umene ukulowa umadzera m'ming'alu ya pansi pa chitseko, momwe mulibe gozi, n'kubweretsa timantchentche tija timaikira mazira m'matumba a bowa. Bowo lolowera likhale lalikulu kawiri kapena katatu kuposa lotulukira, ndipo gozi akakhala wa maso aang'ono kwambiri likulenso kuposa apo. Likhale kumbali ya mthunzi, kutali ndi dzala, khola, chimbudzi ndi msewu wafumbi. Likhalenso kutali ndi potulukira, chifukwa mabowo awiriwa akayandikana mpweya umangolowa n'kutulukira pomwepo, ngodya za kutali osazifika.

Potulukira pakhale pamwamba kapena pansi? Pa mbande za pansi pa mababu yankho n'losavuta: mpweya wotentha umakwera, choncho fani ikhale pafupi ndi denga, polowera pakhale m'munsi mwa khoma la kutsidya. Pa bowa, alimi ambiri amatembenuza: amalowetsa mpweya pamwamba n'kuutulutsira m'munsi, popeza carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kamodzi ndi theka, ndipo mpweya wozizira wa chipinda chothiridwa madzi umakonda kukhala pansi. Kunena zoona, mpweya ukamayenda carbon dioxide amasakanikirana ndi unzake, sakhala pansi ngati madzi m'beseni. Komabe m'chipinda cha bata mashelefu a m'munsi ndi amene amayamba kutulutsa bowa wa miyendo italiitali, ndipo kukokera pansi kumathandiza. M'miyezi yotentha, pansi pa malata, kabowo kena ka pamwamba kotulutsira kutentha kamafunikabe.

Wolima bowa ali ndi vuto limene wa mbande alibe. Bowa amafuna chinyontho cha pakati pa 85 ndi 95 pa 100, pomwe fani ntchito yake ndi kutaya mpweya wonyowawo n'kulowetsa wouma. Mukaonjeza fani, timabowa tongotuluka kumene timauma n'kufa, zipewa zimang'ambika m'mphepete. Mukachepetsa, miyendo imatalika. N'chifukwa chake fani yaikulu mopitirira, yoyenda ndi mphamvu zonse tsiku lonse, imawononga ngati kusowa fani komwe. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi taima yoyatsa ndi kuzimitsa, mwachitsanzo mphindi zisanu kuyaka, khumi kapena khumi ndi zisanu kupuma, mlimi n'kumasintha poona mmene bowa akuonekera. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi fani yokulirapo pang'ono yoyenda pang'onopang'ono osaima, mpweya wolowa ukudutsa pa chiguduli chonyowa. Mulimonsemo, mphepo isamenye matumba mwachindunji. Ndipo kachitidwe ka mu June, chiperoni chili pakhomo, si ka mu October. Taima imafuna kuisintha nyengo ikasintha.

Kuyendetsa fani pang'onopang'ono kuli ndi phindu lina lalikulu. Mukachepetsa liwiro ndi theka, mpweya umachepa ndi theka, koma mphamvu imene mapiko amafuna imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Phokoso nalo limatsika kwambiri. Phokoso amaliyeza m'ma dB, ndipo kusiyana kwa 10 dB khutu limakumva ngati kuwirikiza kawiri: fani ya 45 dB imamveka kawiri kuposa ya 35. Kwa amene chipinda chake chagundana ndi chogona, kapena ali pa lendi mpanda umodzi ndi anzake, nkhani imeneyi si yaing'ono. Fani yopachikidwa pa malamba a chubu cha njinga, m'malo moikhomera pa thabwa la denga, siititimiza nyumba. Koma si fani iliyonse imalola kuchepetsedwa liwiro. Mota wamba ya AC ikalumikizidwa ku kachipangizo kochepetsera kuwala kwa mababu imang'ung'udza, imatentha, ikhoza kupsa. Mafani a mota za EC, ndi a DC, ndiwo anapangidwira zimenezi. Amadula pogula koma amadya magetsi ochepa.

Magetsi athu

Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a mavoti 230, a 50 Hz, ndipo pulagi yake ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain. Fani yochokera ku South Africa, ku Britain kapena ku Ulaya imagwira, pofunika n'kusintha pulagi basi ikakhala yosiyana ndi yathu. Yopangidwira ku America kapena ku Canada ndi ya mavoti 120, ndipo ikalumikizidwa kuno popanda thiransifoma imapsa. Wachibale wa kunja akafuna kukutumizirani, muuzeni zimenezi asanagule.

Kadyedwe ka magetsi kawerengedwe pa mwezi, chifukwa fani sigona. Ya mawatsi 25 yoyaka usana ndi usiku imadya mayuniti 0.6 pa tsiku, 18 pa mwezi. Ya mawatsi 70 imadya pafupifupi 50. Kusiyana kumeneku pakutha pa chaka kukhoza kuposa mtengo wa fani yeniyeniyo.

Ndiye pali kuzima kwa magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo kwa miyezi yambiri anthu ankakhala maola ochuluka opanda magetsi. Wa mbande magetsi akazima mababu amazimanso, kutentha kumachepa, vuto silikula msanga. Wa bowa alibe mwayi umenewo: matumba amapitiriza kupuma. Pachifukwa chimenechi, pa kachipinda ka bowa ndimalimbikitsa timafani ta mavoti 12, ngati ta m'kompyuta ta mamilimita 120. Kamodzi kamadya mawatsi awiri kapena atatu n'kusuntha mpweya wa cha m'ma 100 m³/h pakakhala popanda chopinga. Ka mawatsi atatu kamadya ma amp-hour 6 okha pa tsiku lathunthu, zimene batire ndi sola yaing'ono zimakwanitsa bwinobwino. Timafani timeneti n'tofooka pokankha, choncho tiikidwe tiwiri pabowo la khoma popanda paipi, gozi akhale wotambalala. Posankha, tengani ta ball bearing. Ta sleeve bearing timatha msanga pamalo otentha ndiponso tikagonekedwa chagada. Ndipo mulimonse mmene zingakhalire, chipinda chikhale ndi kazenera ka gozi kotseguka ndi dzanja.

Madzi ndi magetsi zikakhala chipinda chimodzi pafunika kusamala kwenikweni. Pa fani pamalembedwa zilembo IP ndi manambala awiri: yoyamba ikunena za fumbi ndi tizinthu tolowa m'kati, yachiwiri za madzi. IP44, kapena IPX4, ndiye kuti madzi owazika saifika poopsa, ndipo pa chipinda cha bowa musatsike kuposa apo. Masoketi ndi majoini a waya akhale kunja kwa chipinda, kapena pamwamba pomwe mpope wopopera sufika. Fani yachitsulo ikhale ndi waya wa earth, ndipo pa bolodi pakhale chodula magetsi cha 30 mA, chimene chimathimitsa munthu akagwidwa. Pansi ponyowa, munthu ali chosavala nsapato, si malo oyeserera mawaya omanga ndi pepala la shuga. Iyinso ndi mfundo ina yokomera mavoti 12. M'miyezi yozizira musalowetse mbaula kuti mutenthetse chipinda: makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu m'chipinda chotseka, ndipo fani yaing'ono si chitetezo chokwanira.

Oyisitara akakhwima amatulutsa njere zake zosaoneka, timbewu tambirimbiri touluka ngati utsi woyera, ndipo wozipuma tsiku ndi tsiku akhoza kuyamba chifuwa, kubanika ndi kutentha thupi, matenda odziwika pakati pa ogwira ntchito m'nyumba za bowa. Potulukira mpweya pasaloze pazenera la chipinda chogona, pakhonde pochezera kapena pakhomo la mnansi, ndipo mpweya wa chipinda cha bowa usatulukire m'nyumba yokhalamo. Yatsani fani kwa mphindi zingapo musanalowe, valani masiki yothina bwino, ndipo thyolani bowa m'mphepete mwa chipewa musanatambasuke. Njere zomwezi zimamatirira pa mapiko a fani ndi pa gozi ngati phala, mpweya n'kumachepa mwakachetechete. Kamodzi pa sabata ziwiri zimitsani, pukutani mapiko, tsukani gozi ndi burashi.

Zonse zikamangidwa, yesani. Tsekani chitseko, yatsani fani, ikani kapepala kopepuka pa gozi wa polowera chakunja: kakamatirira kokha, mpweya ukulowadi. Kenako yatsani kakoilo ka udzudzu, muyende nako ngodya zonse, m'munsi mwa mashelefu ndi kuseri kwa matumba, mukuyang'ana kumene utsi ukulowera. Mukatha katulutseni msanga. Pamene utsi ukukwera mowongoka kapena kungozungulira pamodzimodzi, pamenepo mpweya sukufika, ndipo mwina shelefu isunthidwe kapena kafani kotakasa kalozedwe kumeneko. Choyezera kutentha ndi chinyontho, chija chimasunga nambala yokwera ndi yotsika ya tsikulo, chipachikidwe pa msinkhu wa zomera, osati pakhoma pafupi ndi chitseko. Pa bowa, yerekezani wa pashelefu ya pamwamba ndi wa pansi pa zokolola ziwiri zotsatizana. Miyendo ikatalika, onjezani mphindi za fani. M'mphepete mukayamba kung'ambika, chepetsani kapena onjezani madzi pa chiguduli. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mudikire masiku atatu kapena anayi, n'kulemba m'kope zimene mwaona musanasinthe china.